Bambo Anaimitsa Nyimbo

Dokkum,
Lachitatu, 20 Febuluwale 2019

Okondedwa achimwene Wiebe,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Colleen ndi ana, ndiponso kuti chisanu cha ku Alberta kumeneko sichinakuvutitsireni ng'ombe. Kuno kuli monga mukudziwira mwezi uno: mvula yowaza, mphepo yochokera kunyanja, dzuwa kungosuzumira n'kubwerera.

Mudabwa kulandira kalata pamene timalankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Koma pafonipo ine zoona zimandikanika. Mukangoti, "Zikuyenda bwanji kumeneko?" pakamwa panga pamayankha pokha kuti, "Zikuyenda." Bambonso akaona nkhope yanu pafoni amawongoka, n'kuyamba kufunsa za mkaka ndi udzu ngati munthu wabwinobwino, inu n'kuseka kuti, "Aa, madalawa akadali amphamvu." Simudziwa kuti foni isanalire ndimakhala nditawameta ndevu, nditawasintha malaya, nditawabwerezera dzina lanu mpaka lalowa. Masabata awiri apitawa sindinakuyankheni foni, ndinangolemba kuti ndili ndi chimfine. Chimfine panalibe. Khalani pansi muwerenge.

Mukukumbukira nyimbo ija ndinakuuzani kuti akundipekera? Ndikudziwa kuti nyimbo zathuzi inu simuzikonda, munanenapo kuti zimamveka ngati geti la khola lopanda girisi. Sindikukakamizani kuzikonda. Ndingofuna mumvetse kuti kwa ine inali chiyani. M'gulu lathu loimbali ndakhalamo zaka zoposa makumi awiri, ndikukhala pampando wa pambali, kuliza chitoliro changa pamene pepala lanena, kukhala chete pamene lanena. Ndiye Anselm, mkulu wopeka nyimbo uja wa tsitsi loyera, anati akufuna kulemba nyimbo ya chitoliro chachikulu chija, ine nditaima kutsogolo ndekha, anzanga a mavayolini, piyano, ng'oma ndi malipenga ali kumbuyo kwanga. Anailemba zaka ziwiri. Ankandiimbira foni ndili pakati posambitsa Bambo, n'kumandifunsa kuti, "Renske, ukakoka mpweya lilime lili pamano, chimamveka n'chiyani?" Ine n'kumulonjeza kuti ndiyesa. Tinagwirizana kuti tikaiimbe koyamba ku Amsterdam Lamulungu pa 10 mwezi uno, masana, a wailesi akuulutsa pompopompo, kenako tizungulire nayo ku Germany ndi ku Norway. Munthu wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, mwayi ngati umenewu subwera kawiri.

Pakati pa nyimboyo pali gawo lalitali limene gulu lonse limakhala chete, n'kutsala ine ndekha. Pamenepo sindiliza mawu enieni. Ndimangopumira m'chitoliro, mpweya wodukaduka, wokoka movutikira, wina wolira ngati mluzu wapakhosi. Ndilo gawo lovuta kuposa onse, ndipo ndilo mtima wa nyimbo yonse. Ndinkaliphunzira m'kanyumba kosungiramo njinga kuseri, nditavala chikhotho, Bambo akagona masana. Choncho iwo anali asanalimvepo.

Mayi Bottema, aneba athu aja, ndi amene analonjeza kukhala ndi Bambo tsiku limenelo. Lachisanu anaterereka pa njinga pokagula buledi, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Mpaka lero ali m'chipatala. Anamwino amene amabwera kuno amangofika m'mawa ndi madzulo, pakatipa ayi. Ndinaimbira aliyense amene ndinamuganiza, koma aliyense anali ndi zake. Kuwasiya okha sindikanatha, chifukwa mwezi watha ndinawapeza atayatsa mbaula ya gasi n'kuikapo ketulo yamagetsi. Izonso sindinakuuzeni.

Ndiye Lamulungu m'mawa ndinawaveka suti yawo yakuda, iwo n'kuumirira kuti ndiwaikire baji ya bandi ya m'mudzi pachifuwa, ndipo tinakwera galimoto. Tili pamsewu wautali uja wodutsa pakati pa nyanja, anandifunsa kuti, "Kodi maliro ake ndi a ndani?"

"Si maliro, Bambo. Ndikukaimba."

"Aa. Ndiye wamwalira ndani?"

Ndinangowapatsa buledi wa tchizi kuti pakamwa pakhale ndi ntchito.

Titafika kuholo, anzanga anawalandira bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Makamaka Baltus, mnzathu woliza lipenga lalitali lokoka lija, munthu wonenepa wokonda nthabwala. Anaona bajiyo n'kunena kuti, "Madala, ndiye kuti inunso ndi a kwathu kumalipenga?"

"Zaka makumi anayi," anatero Bambo. "Ndi iwe unkaliza lipenga uko posachedwapa?"

"Ndine ndemwe."

"Nanga bwanji limalira ngati ng'ombe yolephera kubereka?"

"Musandinene ine, madala. Anandilembera ndi bwana awa."

Bambo anamuyang'ana Anselm kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenako anapisa m'thumba, n'kutulutsa siwiti ya minti, zija ankatipatsa kutchalitchi ulaliki ukatalika, n'kumupatsa. "Usadandaule mwanawe," anatero. "Udzaphunzira."

Onse anaseka, Anselm yemwe anaseka mpaka kupukuta magalasi. Ine mtima unakhalako pansi. Pokonzekera m'mawawo tinangoyesa poyambira ndi pothera, gawo langa lija tinalidumpha kuti ndisunge mphamvu. Bambo anakhala phee, akugwedeza phazi. Anselm ndiye ananena yekha kuti, "Akhale pafupi ndi ine kutsogoloko. Ndiwayang'anira. Tagwirizana kale, andiphunzitsa kupeka." Ndinaganiza zowasiya m'chipinda chovalira, koma mukudziwa kuti chitseko chilichonse iwo amatsegula. Ndinavomera.

Achimwene, gawo loyamba linayenda bwino moti sindinayambe ndaimbapo choncho. Holo inali yodzaza. Hedwig, mayi amene amatitsogolera, atangokweza manja, zonse zinachoka m'mutu mwanga: mankhwala, zochapa, makiyi obisa, fungo la m'chipinda chawo. Ndinali munthu woliza chitoliro basi. Ndinali nditaiwala kuti munthu ameneyo alipo.

Kenako gulu linazilala mmodzimmodzi, mpaka kunatsala ine. Ndinayamba kupumira m'chitoliro. M'holo munali zii, ngakhale wotsokomola panalibe.

Ndiye ndinamva mawu. "Sjoukje! Sjoukje, mwana akubanika!"

Anali Bambo, ankaitana Amayi. Inu ndinu wamkulu, mukukumbukira kuposa ine mphumu yanga ndili wamng'ono, mmene ankandinyamulira kupita nane kukhitchini, Amayi akuwiritsa madzi kuti ndipume nthunzi. Ine zaka zonsezi ndikuphunzira gawo limeneli sindinaganizepo kuti limafanana ndi chiyani. Makutu awo ndi amene anazindikira.

Ndikuuzeni mmene zinalili, osakometsa. Sindinasiye nthawi yomweyo. Ndinapitiriza, maso ali papepala, ndikupemphera kuti akhale pansi. Pakona ya diso ndinaona Anselm atawagwira mkono, iwo n'kumukankha mpaka anagwera pampando. Munthu amene kunyumba amalephera kukwera masitepe popanda ine, tsiku limenelo anakwera pansanja yekha. Anadutsa pakati pa mavayolini, kugwetsa mapepala a wina, n'kufika pamene ndinaima. Anandilanda chitoliro pakamwa.

"Lavula! Wameza chiyani? Lavula, iwe!"

Akunena choncho akundimenya pamsana. Maikolofoni a wailesi ali pamphuno pathu. Hedwig manja ali m'mwamba, osadziwa kuti awatsitse kapena ayi.

Ndinawagwira manja onse awiri. Ndinawayang'ana kumaso. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo, kapena ndinaiona ndili ndi zaka zisanu n'kuiwala. Ndinati, "Bambo, ndikupuma. Onani. Ndikupuma." Ndinakoka mpweya wambiri, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, kachiwiri, kachitatu, iwo akuyang'ana pachifuwa panga ngati akuwerenga. Anthu mazana ali chete, akuonerera mayi wa imvi akusonyeza bambo ake kuti ali moyo.

Kenako anaona diresi langa lopanda manja lija. "Ndani wakutulutsa panja chonchi? Ndiye usabanike bwanji?" Anavula jekete yawo n'kundiveka, n'kumanga batani lapamwamba.

Baltus ndi amene anatipulumutsa. Anaika lipenga lake pansi, n'kubwera mwakachetechete. "Madala, adokotala afika. Ali pakhomo, tiyeni tikawatsegulire." Bambo anamuyang'ana, n'kundiyang'ana ine. "Usasunthe," anandiuza. Anatuluka atagwirana mikono.

Hedwig anawerama n'kundinong'oneza kuti, "Renske, tisiye kapena tipitirize?"

Ndinati tipitirize. Mwina ndikanati tisiye. Ndinayambiranso gawo lija nditavala jekete ya Bambo, baji ikugunda pachitoliro, koma sindinaliimbe. Ndinangolithamangitsa, motsitsa, makutu anga onse ali kuchitseko chimene anatulukira, kuopa kuti amvanso. Pothera penipeni nyimboyo imafuna lipenga la Baltus kuti liyankhane ndi ine, ndipo mpando wa Baltus unali wopanda munthu. Ndinafunsa, palibe anayankha. Tinafika kumapeto ngati ngolo yothyoka gudumu. Ndinamva pambuyo pake kuti a wailesi anali atadula kalekale n'kuika nyimbo ina.

Anthu anawomba m'manja nthawi yaitali, ena ataimirira. Kuwomba kwake kunali kwa chifundo, ndipo chifundo cha anthu ambiri chimalemera.

Choseketsa n'chakuti si onse amene anamvetsa. Potuluka, mayi wina wovala mikanda ikuluikulu anamugwira Anselm dzanja, ine ndili pomwepo. "Bambo, mwandiliza! Mkulu uja munamupeza kuti? Amachita ngati zenizeni! Ndipo zomuveka jekete zija, maganizo amenewo anakufikirani bwanji?" Anselm anangoti, "Zikomo, mayi," n'kuyang'ana pansi. Ndi mmene zilili nyimbo zathuzi, achimwene. Denga litagwa, ena angaganize kuti zinalembedwa.

Titatsala awiri, ndinayamba kupepesa. Anandiletsa. Chigongono chake chinali chitatupa pamene anagwera. Anati, "Renske, bambo ako sindingawakwiyire. Anachita chimene bambo amachita. Iwenso sindikukukwiyira." Kenako anapitiriza kuti, "Kungoti ndinkafuna ndiimve kamodzi. Yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera, mmene ilili m'mutu mwangamu. Ndakalamba, sindidziwa ngati ndidzalembanso ina yaitali chonchi." Ananena mofatsa, akupinda pulogalamu m'manja. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Bambo ndinawapeza m'chipinda chovalira akumwa khofi, akumuphunzitsa Baltus kagwiridwe ka lipenga. Anali atavala buluku la Baltus, lalikulu moti analimanga ndi tayi, chifukwa lawo linali litanyowa. Baltus anangondipatsa pepala lapulasitiki lomangamanga, muli buluku lonyowalo, n'kunena kuti, "Bulukulo usafulumire kubweza, ndikufuna kuonda kaye."

Pobwerera anagona njira yonse. Pakati pa msewu wa panyanja uja ndinaimitsa galimoto pamalo opumira, dzuwa likulowa. Ndinkayembekeza kuti ndilira, koma misozi sinabwere. Ndinangokhala, ndikuyang'ana madzi otuwa. Iwo anadzidzimuka, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Maliro ayenda bwino. Anthu anabwera ambiri."

Lachiwiri lotsatira Hedwig anaimba foni. Anayamba mozungulira, kufunsa za Bambo, za mayi Bottema, kenako anati, "Za ulendo wa ku Germany uja, tikufuna tidziwe ngati..." Sindinamulole kumaliza. Ndinati, "Tengani Fenna." Fenna ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa kusukulu ya nyimbo zaka zapitazo. Hedwig anati, "Sitikukuchotsa, Renske. Palibe wanena zimenezo." Ndinati, "Ndikudziwa. Ndanena ndine." Anapuma mozama, ndipo m'kupumako ndinamva kuti wamasuka.

Tsopano Fenna amabwera kuno pabasi, timatsekerana m'kanyumba ka njinga, ine n'kumamusonyeza zonse zimene ine ndi Anselm tinapeza m'zaka ziwirizi: poika lilime, pobera mpweya, pamene uyenera kudikira ngakhale mtima ukukuuza kuti fulumira. Amagwira msanga. Adzaimba bwino, mwina kuposa ine, ndipo Anselm adzaimva nyimbo yake yonse ku Cologne, ku Germany, mwezi wamawa. Ndikusangalala naye. Ndikunena zoona, ngakhale polemba mawu amenewa dzanja lalemera.

Chimene chikundiopsa si kutaya ulendowo ayi. N'chakuti nditaika foni pansi tsiku lija, ndinamva kupepuka. Chinthu chimene ndachifuna moyo wanga wonse chinachoka, ine n'kumva ngati ndatula mtolo. Ndinaganiza kuti, basi, chatsala chimodzi chokha chonditopetsa. Kuyambira pamenepo bokosi la chitoliro ndimalitsegula Fenna akabwera basi. M'mawa ndikaliona pashelefu sindimva chilichonse. Munthu akatopa thupi amagona n'kudzuka. Kutopa kumene ndili nakoku sindikudziwa kuti amakugonera bwanji.

Bambo za ku Amsterdam sakukumbuka. Koma china chake chinatsalira, chifukwa kuyambira tsiku limenelo sandisiya. Ndikalowa kubafa amaima pachitseko. Ndikakhala pampando masana kuti ndiwodzereko pang'ono, ndimadzidzimuka dzanja lawo lili pamphumi panga, khutu lili pafupi ndi pakamwa panga. "Ukupuma?" Ndimati ndikupuma. Pakapita kanthawi amabweranso. Ndi chikondi, ndikudziwa. Palibe munthu wina padziko pano amene amafunsa ngati ndikupuma. Koma dzulo ndinawakalipira, ndinati, "Ndisiyeni, Bambo, ndisiyeni!" ndipo anapita kukakhala pakona ngati mwana, manja ali pamaondo. Ndinawaphikira mbatata yophwanya ndi masamba ndi soseji, chakudya chawo chija, n'kuwadyetsa ndekha. Anali ataiwala kale. Ine sindinaiwale.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Adokotala ndi anamwino akuti kunyumba yosamalirako okalamba ya kuno kungapezeke malo miyezi ikubwerayi, ndipo akufuna banja linene maganizo ake. Banja lake ndi ine ndi inu. Chaka chatha nditangotchulako nkhani imeneyi munati, "Bambo sangapite kumalo amenewo ine ndili moyo." Sindinatsutse, chifukwa ndinkaganiza chimodzimodzi. Koma achimwene, mawu amenewo munawanena muli ku Alberta.

Sindikukuimbani mlandu. Munapita kalekale Amayi ali moyo, Bambo ali ndi mphamvu zawo, ndipo munamanga moyo wanu ndi manja anu. Ine ndinabwerera kuno mwa kufuna kwanga, palibe anandikakamiza. Ndikudziwanso kuti ng'ombe sizidziwa tchuthi. Koma mwana wanu Owen wakula tsopano, ndipo a Colleen amalidziwa khola kuposa inu, mumanena nokha. Ndikupempha kuti mubwere. Osati sabata imodzi ngati ulendo watha uja, pamene munayendera abale onse n'kumadya makeke, Bambo akusangalala ndi alendo. Mubwere mwezi wathunthu. Mugone m'chipinda choyandikana ndi chawo. Muwasambitse, muwafunire mano awo oikirira m'bini, muyankhe funso limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukatero tidzakhale patebulo la kukhitchini, inu ndi ine, n'kugamula limodzi. Mukadzanenabe kuti asapite, ndidzakumverani, koma mudzandiuzenso kuti tichita bwanji. Mukadzati apite, tidzawaperekeze tonse awiri, wina kudzanja ili wina kudzanja ilo. Chimene ndikukana n'kuchita zimenezi ndekha, kenako n'kudzakuuzani pafoni.

Ndipo ngati mungathe, m'mwezi umenewo mudzandipatse masiku ochepa ndichoke. Sindikudziwa kumene ndingapite. Mwina kwa Baltus ndi mkazi wake, anandiitana. Mwina kungokagona penapake pamene palibe wondiitana dzina.

Musayankhe kalata ino ndi maluwa, chonde. Musandiimbirenso kuti mundiuze kuti ndine wolimba mtima. Mungondiuza tsiku limene ndege yanu ikutera, ndidzapeza wondigwirira pakhomo kuti ndidzakuchingamireni.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti masokosi aubweya anatumiza aja Bambo amakana kuwavula. Moni kwa Owen, ndi kwa Tessa, amene ndamva kuti wayamba kuphunzira gitala. Mumuuze kuti azakhali ake akuti aziimba zimene zikumukondweretsa. Mayi Bottema ndinakawaona dzulo, akupereka moni, akuti mukabwera mudzawakonzere mpanda.

Ndikanakonda kulemba kuti Bambo akupereka moni, monga timalembera nthawi zonse. Koma ndalonjeza kuti m'kalata ino sindinama. Ali pano pambali panga, akupinda ndi kupindula kansalu ka patebulo. Ndawauza kuti ndikulembera Wiebe. Ayang'ana pawindo, n'kufunsa kuti, "Kodi sanabwerebe kusukulu mwana ameneyu? Kunja kukuda." Ndawayankha kuti muli m'njira.

Musandisandutse wabodza, achimwene.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Renske